Utoto wa m'mapulasitiki umapita kuti beseni likatha?

Mawu awa anayankhulidwa pa msonkhano wa komiti ya chitukuko ya dera, pamene panakambidwa za zinyalala za m'misika ndi m'makomo. Asindikizidwa pano kuti amene sanakhale nawo pa msonkhanowo awerenge ndi kukambirana m'midzi mwawo.



Pa tsiku la msika, malo okopa maso kwambiri ndi pamene amagulitsa ziwiya za pulasitiki. Pamakhala mabeseni ofiira, ndowa zachikasu, makapu obiriwira, mbale zabuluu ndi zidole za ana zamitundumitundu. Wogula amagogoda beseni kuti amve kulimba kwake, amanenerera mtengo, kenako amasankha mtundu umene wamusangalatsa. Funso limene kawirikawiri silifunsidwa ndi ili: kodi chimene chapatsa beseni kufiira kumeneku n'chiyani, nanga chimapita kuti besenilo likang'ambika n'kuponyedwa kudzala?

Yankho lake mwachidule ndi lakuti mtundu wa pulasitiki ndi mankhwala. Ambiri mwa mankhwalawa savuta akakhala m'chiwiya chatsopano ndi cholimba. Koma ena ali ndi zitsulo zapoizoni zimene sizipsa pamoto ndiponso siziola m'nthaka. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Mmene mtundu umalowera

Pulasitiki asanaumbidwe amakhala timibulu tonga mpunga, toyera mbuu kapena toonekera ngati galasi. Ku fakitale timibuluti amatisungunula pa kutentha kwa madigiri pafupifupi 200 kapena kupitirira apo, pamene madzi amawira pa madigiri 100 okha. Asanasungunule amathiramo timibulu tina tochepa todzaza ndi ufa wa utoto, timene amisiri a ntchitoyi amatitcha masterbatch. Pa makilogalamu 100 a pulasitiki, ochepa chabe a timibulu tautototi ndi okwanira kusintha mtundu wa zonse. Choncho utotowo sukhala pamwamba ngati penti wa pakhoma. Umakhala paliponse m'thupi la chiwiyacho, ndipo n'chifukwa chake beseni lofiira likasweka, m'kati mwakenso mumaoneka mofiira.

Ufa woyeretsa pulasitiki umatchedwa titanium dioxide. Wodetsa ndi carbon black, amene ndi mwaye wopangidwa mwadala m'mafakitale. Wabuluu ndi wobiriwira nthawi zambiri umachokera ku mankhwala okhala ndi kopa. Vuto lalikulu lili pa mitundu yowala: chikasu, mtundu wa lalanje ndi kufiira. Kwa zaka zambiri mafakitale a m'maiko osiyanasiyana ankapeza mitundu imeneyi kuchokera ku lead chromate, mankhwala okhala ndi mtovu pamodzi ndi chitsulo cha chromium, komanso kuchokera ku mankhwala a chitsulo china chotchedwa cadmium. Ankawakonda pa zifukwa zomveka: lead chromate ndi wotsika mtengo ndipo mtundu wake ndi wowirira, pamene utoto wa cadmium supserera m'makina otentha ndipo susuluka msanga padzuwa. Masiku ano pali utoto wina wopanda zitsulozi umene umapereka mitundu yomweyo, koma nthawi zambiri ndi wokwerako mtengo.

Apa pafunika kunenetsa mfundo imodzi, kuti anthu asachoke pano ndi mantha opanda pake. Si ndowa iliyonse yachikasu imene ili ndi mtovu, ndipo si beseni lililonse lofiira limene lili ndi cadmium. Diso silingasiyanitse, mphuno singasiyanitse, ngakhale wogulitsa pamsika sadziwa. Chimene chimasiyanitsa ndi makina oyezera. Poti pakhomo palibe makinawo, nzeru yagona pa kudziwa njira zimene zitsulozi zimatulukira m'pulasitiki, ndi kuzitseka.

Zimene zitsulozi zimachita m'thupi

Mtovu ulibe ntchito iliyonse m'thupi la munthu. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limanena kuti palibe mlingo wa mtovu m'magazi umene ukudziwika kuti ndi wosavulaza. Mwana wamng'ono akaumeza, thupi lake limayamwa wochuluka kanayi kapena kasanu kuposa mmene limayamwira thupi la munthu wamkulu, ndipo umakafika ku ubongo umene ukukula. Mwanayo sadwala mooneka. Amangochedwa kugwira za m'kalasi, amavutika kutchera khutu, nthawi zina amachepa magazi, ndipo makolo amangoti ndi mmene anabadwira. Zimene mtovu wawononga mu ubongo sizibwerera. Kwa akuluakulu umabweretsa kuthamanga kwa magazi ndi matenda a impso. Umabisala m'mafupa kwa zaka zambiri, ndipo mayi akakhala woyembekezera umatuluka m'mafupamo n'kufikira mwana amene ali m'mimba.

Mu 2020, bungwe la UNICEF pamodzi ndi la Pure Earth anatulutsa lipoti losonyeza kuti mwana mmodzi mwa ana atatu aliwonse padziko lapansi, ana ofika 800 miliyoni, ali ndi mtovu m'magazi pa mlingo wofunika kuchitapo kanthu. Mtovu umenewu umachokera kumagwero ambiri: mabatire akutha a galimoto, penti, migodi, miphika ina yosungunula kuchokera ku zitsulo zakale. Pulasitiki ndi gwero limodzi mwa amenewa, ndipo si lalikulu kuposa onse, koma ndi limene lili pafupi ndi dzanja la mwana tsiku lililonse. Wofuna kuona mmene mtovu umakhalitsira m'nthaka ayang'ane ku Kabwe m'dziko la Zambia. Mgodi wa mtovu kumeneko unatsekedwa mu 1994, koma mpaka lero ana a m'makomboni oyandikana nawo akupezeka ndi mtovu wambiri m'magazi chifukwa cha fumbi limene amaseweramo.

Cadmium amaunjikana mu impso, ndipo pamatenga zaka 10 mpaka 30 kuti theka lake lokha lichoke m'thupi. Amafooketsanso mafupa. Dziko linaphunzira zimenezi kuchokera ku Toyama m'dziko la Japan, kumene madzi a mumtsinje wa Jinzu, oipitsidwa ndi mgodi, ankathirira minda ya mpunga. Anthu, makamaka amayi achikulire, anayamba kumva ululu woopsa ndipo mafupa awo ankathyoka mosavuta. Matendawa anatchedwa itai-itai, mawu amene munthu wa ku Japan amafuula akamva kupweteka, ndipo mu 1968 boma la dzikolo linavomereza kuti gwero lake linali cadmium. Phunziro la ku Toyama n'lofunika kwa mlimi aliyense: cadmium akalowa m'nthaka, mbewu zimamuyamwa. Mpunga, ndiwo zamasamba ndi fodya zili m'gulu la mbewu zimene zimamuyamwa kwambiri. Bungwe la IARC, limene limafufuza za khansa pansi pa WHO, linaika cadmium ndi mtundu wa chromium wopezeka mu lead chromate m'gulu la zinthu zimene n'zotsimikizika kuti zimayambitsa khansa.

Oyamba kukumana ndi zoopsazi ndi ogwira ntchito m'mafakitale, amene amapima ndi kusakaniza ufa wa utoto, komanso amene amagaya mapulasitiki akale. Fumbi la ufawo likapumidwa tsiku ndi tsiku limavulaza mapapo, ngakhale litakhala la titanium dioxide kapena carbon black amene savuta akamatirira m'chiwiya. Wogwira ntchito yotere akapita kunyumba ndi zovala za kuntchito, fumbilo amalipititsanso kwa ana ake.

Makomo anayi otulukira

Khomo loyamba ndi moto, ndipo ndi lalikulu kuposa onse m'dera lino. Madzulo aliwonse utsi umakwera kuchokera kumadzala a m'makomo, kuseri kwa msika ndi kumbuyo kwa sukulu. M'mawa mbaula zambiri zimakolezedwa ndi jumbo kapena chidutswa cha chigubu. Pulasitikiyo amapsa n'kutha, koma mtovu ndi cadmium ndi zitsulo, ndipo chitsulo sichitha ndi moto. Gawo lina limakwera ndi utsi ngati tifumbi tosaoneka, n'kupumidwa ndi mayi amene wawerama kupemerera mbaula pamodzi ndi mwana amene ali kumbuyo kwake. Gawo lotsala limakhala m'phulusa. Tsono m'midzi muno phulusa silitayidwa wamba. Limasakanizidwa ndi manyowa, limawazidwa kudimba, nkhuku zimapalasamo, ana amaseweramo. Dzala limene munatenthedwa mabeseni akale likafukulidwa kuti likhale manyowa a mpiru ndi tomato, zimene zinali m'beseni zimayamba ulendo wopita m'mbale.

Khomo lachiwiri ndi dzuwa. Aliyense anaonapo ndowa yosiyidwa panja imene yasuluka, yauma gwa, ndipo ikakhudzidwa imanyenyeka. Akatswiri a payunivesite ya Leicester ku England, mogwirizana ndi anzawo a payunivesite ya Cape Town ku South Africa, anayanika zitsekerero za mabotolo zamitundu yosiyanasiyana padenga kwa zaka zitatu m'mizinda iwiriyi. Zotsatira zake, zimene zinatuluka mu 2024, zinasonyeza kuti zofiira, zabuluu ndi zobiriwira zinanyenyeka, pamene zakuda, zoyera ndi zamtundu wa siliva sizinasinthe kwenikweni. Utoto wakuda ndi woyera umatchinga mphamvu ya dzuwa, pamene mitundu inayo siiteteza mokwanira. Tizidutswa tonyenyekato timasakanikirana ndi dothi, ndipo mvula yoyamba imatikokolola kupita kuzitsime zosatetezedwa, kumadambo ndi kumitsinje. Pulasitiki akamanyenyeka, utoto umene unali wotsekeredwa m'kati umakhala poyera.

Khomo lachitatu ndi pakamwa. Dr Andrew Turner wa payunivesite ya Plymouth ku England anayeza zidole zakale za pulasitiki zokwana 200 zotoledwa m'makomo, m'sukulu zamkaka ndi m'masitolo ogulitsa katundu wogwiritsidwapo kale ntchito. Mu 2018 analengeza kuti zina mwa zidolezo, makamaka zachikasu, zofiira ndi zakuda, zinali ndi cadmium kapena mtovu wambiri, ndipo ataziviika m'madzi owawasa ofanana ndi a m'mimba mwa munthu, zitsulozo zinatuluka. Nkhaniyi ikukhudza dera lino chifukwa zidole zambiri zimene ana amaseweretsa zimagulidwa pa kaunjika, ndipo palibe amene amadziwa chaka chimene zinapangidwa. Mwana amene akumera mano amaluma chilichonse.

Chakudya nachonso chimadutsa pakhomo lomweli. Kutentha, mafuta ndi kuwawasa zimathandiza mankhwala a m'pulasitiki kusamukira m'chakudya. Pamene tchipisi chotentha chochokera pachiwaya chathiridwa mu jumbo, pamene mphika wa mbatata, chimanga kapena mpunga wavundikiridwa ndi pepala la pulasitiki lolembedwalembedwa, pamene thobwa lasungidwa m'chigubu chimene munali penti kapena mankhwala, zinthu zitatuzi zimagwira ntchito yake. Zimene zimasamuka pa tsiku limodzi n'zochepa, koma mtovu ndi cadmium zimaunjikana m'thupi, ndipo mapulasitiki amenewa sanapangidwire chakudya chotentha.

Khomo lachinayi ndi kusungunulanso. Kutolera mapulasitiki akale kuti apangidwenso ziwiya zina ndi ntchito yabwino, imene imachepetsa zinyalala ndi kupezetsa anthu ndalama. Komabe utoto wakale suchoka posungunula. Mapulasitiki amitundu yosiyana akasakanizidwa amatuluka ndi mtundu wosasangalatsa, choncho opanga amathiramo carbon black kuti zonse zide. M'kafukufuku wina wa mu 2018, Dr Turner anayeza zinthu zakuda za pulasitiki zoposa 600 ndipo mu zambiri anapezamo mtovu, cadmium ndi mankhwala oletsa moto, zimene zinasonyeza kuti zinapangidwa kuchokera ku zikhokho za mawailesi akanema ndi makompyuta akale. Beseni lakuda lotsika mtengo n'labwino kuchapiramo zovala kapena kutungira madzi oumbira njerwa. Si loyenera kuviikamo mphale kapena kusungiramo madzi akumwa.

Zimene malamulo achita

Maiko a mu European Union anayamba mu July 2006 kuletsa zipangizo zamagetsi zokhala ndi mtovu wopitirira gawo limodzi pa magawo 1,000, kapena cadmium wopitirira gawo limodzi pa magawo 10,000. Kuyambira December 2011 analetsa cadmium m'mapulasitiki amitundu yambiri. Koma lamulo la ku Ulaya silifika kufakitale iliyonse ya padziko, ndipo silichotsa utoto m'katundu amene anapangidwa kale. Mu March 2022, pa msonkhano wa United Nations wa zachilengedwe ku Nairobi, maiko anagwirizana zokonza pangano la dziko lonse lokhudza mapulasitiki. Zokambirana za ku Busan kumapeto kwa 2024 ndi za ku Geneva mu August 2025 zinatha popanda mgwirizano, ndipo imodzi mwa nkhani zimene maiko anasiyana maganizo inali ya mankhwala othiridwa m'mapulasitiki.

Muno m'Malawi, malamulo a mu 2015 analetsa mapulasitiki opyapyala osafika ma micron 60, ndipo mu July 2019 Khoti Lalikulu la Apilo linagamula kuti chiletsocho chigwire ntchito. Bungwe la MEPA ndi limene limayang'anira za chilengedwe, pamene la MBS limayeza ubwino wa katundu wopangidwa muno ndi wolowa kuchokera kunja. Chiletso cha majumbo chimayang'ana kupyapyala kwa pulasitiki, pamene nkhani ya lero ikukhudza zimene zili m'kati mwake, ngakhale pulasitikiyo atakhala wochindikala ngati beseni.

Pali chitsanzo cholimbikitsa chochokera ku nkhani ya penti. Mu 2020 bungwe la LEEP linayeza penti wamafuta wogulitsidwa m'dziko muno ndipo linapeza mtovu wochuluka m'zitini zambiri. Zotsatirazo zitaperekedwa ku MBS, bungweli linalimbitsa ntchito yoyang'anira opanga penti, ndipo kuyeza kumene kunachitikanso pambuyo pake kunasonyeza kuti penti wa mtovu wachepa pamsika. Lead chromate amene amaika chikasu mu penti ndi yemweyo amene amaika chikasu m'pulasitiki. Kumene kwayezedwa, zinthu zimasintha. Makina a m'manja otchedwa XRF amatha kuonetsa mtovu ndi cadmium m'chiwiya pa kamphindi kochepa popanda kuchiswa.

Zimene dera lino lingachite

Pakhomo, chinthu choyamba ndi kusiya kukoleza moto ndi pulasitiki. Zitsononkho, udzu wouma, makoko a mtedza ndi tinkhuni ting'onoting'ono zinkakoleza moto majumbo asanabwere, ndipo zikadalipo. Chachiwiri, banja lililonse lisiyanitse zinyalala: zoola zipite kudzala la manyowa, mapulasitiki asonkhanitsidwe m'thumba paokha. Phulusa la padzala pamene panatenthedwa mapulasitiki lisapite kudimba, kukhola kapena pamene ana amasewera. Likwiriridwe kutali ndi chitsime. Chachitatu, mphika uvundikiridwe ndi chivundikiro chake kapena tsamba la nthochi, ndipo wokagula tchipisi, phala kapena nsima anyamule mbale ya kunyumba.

Makolo ndi alezi a kusukulu zamkaka ayang'ane zidole. Chidole chimene chasuluka, chikunyenyeka, chikumata m'manja kapena chikusiya mtundu pa nsalu yonyowa chichotsedwe, ndipo khanda lisapatsidwe chidole cha pa kaunjika kuti lizitafuna. Ana asambe m'manja ndi sopo asanadye. Chakudya chimathandizanso: mwana wa njala, kapena amene thupi lake likusowa michere yolimbitsa mafupa ndi yowonjezera magazi, amayamwa mtovu wochuluka. Usipa, matemba, nyemba, bonongwe ndi chisoso ndi chitetezo chimene chili pafupi.

Madzi akumwa asungidwe mu mtsuko, m'ndowa yatsopano yogulidwira madzi, kapena m'chigubu chimene munali mafuta ophikira chitatsukidwa bwino. Ndowa ya penti ndi chigubu cha mankhwala a mbewu zisalowe m'khitchini ngakhale zitatsukidwa kangati. Ndowa zisasiyidwe padzuwa popanda chifukwa, pakuti yosungidwa pamthunzi imakhalitsa ndipo ndalama zimapulumuka.

Amene amatolera kapena kugaya mapulasitiki, ndi achinyamata a m'dera lino amene amagwira ntchito m'mafakitale a ku Blantyre ndi ku Lilongwe, avale zotchinga pakamwa ndi pamphuno, asadyere pamalo a fumbi, ndipo asinthe zovala asananyamule mwana. Ali ndi ufulu wofunsa abwana awo dzina la utoto umene akugwira ndi kupempha zodzitetezera.

Makomiti a VDC ndi ADC ali ndi mbali yawo. Nkhani ya kutentha zinyalala m'misika, m'sukulu ndi pafupi ndi zipatala ilowe m'mapulani a chitukuko, monga mmene zimalowera nkhani za mijigo ndi milatho. Makomiti a misika apatule malo osonkhanitsira mapulasitiki, ndipo agwirizane ndi ogula mapulasitiki akale kuti azidzawatenga. Mafumu, amene mawu awo amamveka pa maliro ndi pa misonkhano, akumbutse anthu za phulusa ndi za mbaula. A Khansala atengere ku khonsolo pempho lakuti ilembere MBS ndi MEPA, kuti ziwiya zodyera, ndowa za madzi ndi zidole zogulitsidwa m'misika ya boma lino ziyezedwe, ndipo zotsatira zake zilengezedwe m'chinenero chimene anthu amamva. Khonsolo ikamagula mbale ndi makapu a phala la m'sukulu, ifunse wogulitsa umboni wakuti ziwiyazo zinapangidwira chakudya.

Pulasitiki wathandiza mabanja ambiri. Ndowa yopepuka yapeputsa mtolo wa mayi wochokera kumjigo, ndipo palibe amene akunena kuti ziwiya zonse zitayidwe. Pempho ndi lakuti chiwiya chilichonse chigwire ntchito yake, ndipo chikatha chisapite pamoto. M'mera mpoyamba: ubongo wa mwana umaumbika m'zaka zake zoyambirira, zaka zomwezo zimene amakwawa pabwalo, kuseweretsa phulusa ndi kuika chilichonse m'kamwa. Komiti ikadzakumananso, mudzi uliwonse udzafotokoze makomo angati asiya kukoleza mbaula ndi jumbo, ndiponso kumene mapulasitiki osonkhanitsidwa akupita.